Kutseka muzu wosakhwima wa dzino 21 ndi simenti ya MTA: lipoti la wodwala mmodzi ku Johannesburg

Wodwala ndi chimene anabwerera

Mayi wa zaka 26, kwawo ku Dedza, amalera ana panyumba ina ku Randburg ndipo amakhala ku Cosmo City. Anafika kuchipatala chathu cha mano mu Ogasiti 2023 atamanga kale mfundo yoti dzino lizulidwe. Linali dzino lakutsogolo la m'mwamba, lakumanzere, limene pa kawerengedwe ka FDI, ka manambala amene madokotala amapatsa dzino lililonse, ndi 21. Pankhama ya pamwamba pake pankatuluka kachithupsa, n'kuphulika, kutulutsa mafinya, n'kuphwa, ndipo pakapita milungu ingapo kankabweranso. Ululu weniweni panalibe. Chinkawasautsa ndi fungo, komanso kuda kwa dzinolo, moti ankaseka atagwira pakamwa.

"Adokotala, ingolichotsani. Makapisozi ndatopa nawo," anatero. Anali atamwa amoxicillin maulendo angapo m'chaka chimenecho, ndipo ulendo uliwonse kachithupsa kankangogona masiku ochepa.

Mbiri ya dzinoli ndi yakale. Ali ndi zaka 8, chitsulo chopopera pamjigo chinawagunda pakamwa, dzino n'kubenthuka pang'ono kunsonga. Palibe chinachitika nthawi imeneyo chifukwa silinkapweteka. Ali ndi zaka pafupifupi 16 mlomo unatupa, ndipo pachipatala china kumudzi anatsegula dzinolo, kutsuka muzu ndi kuumata. Linakhala chete zaka zambiri. Pa za thupi lonse, mayiwa alibe shuga, magazi amathamanga bwino, sadana ndi mankhwala alionse, ndipo tisanajambule anatsimikiza kuti si oyembekezera.

Zimene ndinapeza

Dzino 21 linali lotuwa mothera kukuda poyerekeza ndi 11, linzake la kumanja. Kumbuyo kwake kunali composite (chomata cha mtundu wa dzino) yakale yosiya mpata m'mphepete, moti nsonga ya chitsulo choyezera inkalowa. Poligogoda ankangomva kusiyana pang'ono, ndipo silinkagwedera. Ndinayeza nkhama kuzungulira dzino lonse ndipo panalibe pamene panapitirira mamilimita 3. Izi zinandilimbitsa mtima, chifukwa muzu wong'ambika chotalika nthawi zambiri umadziulula ndi dzenje limodzi lopapatiza komanso lakuya. Mano oyandikana nalo, 11 ndi 22, anamva kuzizira bwinobwino.

Ndinalowetsa koni ya gutta-percha (kandodo koonda ka utomoni kodzazira mizu) ya saizi 30 m'kabowo ka chithupsa n'kujambula X-ray. Koniyo inaloza kunsonga ya muzu wa 21, kumene kunali malo akuda m'fupa a mamilimita pafupifupi 8 m'litali ndi 7 m'lifupi. Muzu unali waufupi kuposa wa 11, makoma ake opyapyala, ngalande yotakata kuyambira pakhosi mpaka kunsonga, ndipo nsongayo yosatseka. Pakati pa ngalandeyo panali koni imodzi yoonda, yosafika kumapeto, mbali zonse muli mipata.

Chithunzichi chikugwirizana ndi mbiri ija. Dzino lakutsogolo la m'mwamba limamera mwana ali ndi zaka 7 kapena 8, koma muzu wake umamaliza kukula pafupifupi pa zaka 10. Mtsempha ukafa pakati pa zaka zimenezi, muzu umaima pomwepo. Choncho matenda anali awa: dzino lothandizidwa kale muzu, lokhala ndi thumba la mafinya lokhalitsa kunsonga, pa muzu wosakhwima.

Tinakambirana njira zonse. Kuzula kukanafuna dzino loikirira, bridge yosema mano awiri abwinobwino, kapena implant (muzu wachitsulo wolowetsa m'fupa) imene mtengo wake sukanatheka kwa munthu wopanda medical aid. Opaleshoni yodula nsonga ya muzu ikanafupikitsa muzu umene ndi waufupi kale, tizilombo n'kutsala m'ngalande momwemo. Ndinawauzanso za Wits Oral Health Centre ku Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital ku Parktown, koma kumeneko kukanafuna masiku a pakati pa sabata, pamene iwo amapuma Loweruka. Ndinati, "Achemwali, dzinoli lingathe kukhala, koma ndi lofooka ndipo lidzakhala lofooka moyo wonse. Tikalisunga, mulisamale." Anavomera kuti titsukenso muzu, ndalama azipereka pang'onopang'ono.

Ulendo woyamba: kutsegula ndi kutsuka

Nditabaya jakisoni wa dzanzi ndi kuika rubber dam (kansalu ka rabara kotchinga dzino ku malovu), ndinachotsa composite yakale. Fungo linatuluka nthawi yomweyo. Koni ija ndinaikola ndi fayilo ya Hedström ndipo inatuluka yathunthu, osafuna mankhwala osungunulira. Inali yoterera, yakuda chakunsonga. Phala lomatira limene timati sealer linali litasanduka matope otuwa m'makoma, ndipo m'gawo la kunsonga munalibiretu.

Apa m'pamene pagona nkhani ya lipotili, choncho ndichedwapo. Gutta-percha ndi utomoni wa mitengo ya Palaquium ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nawo, ndipo yakhala ikulowa m'mizu ya mano kuyambira 1867, pamene Bowman anaigwiritsa ntchito ku America. Koni imene timagula lero ili ndi utomoniwu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Gawo lalikulu ndi zinc oxide, kuphatikizapo mankhwala oipangitsa kuoneka pa X-ray. Sisungunuka m'dzino, thupi sililimbana nayo, ndipo imachotseka tikafuna kubwereza ntchito. Koma simamatira ku khoma la muzu ngakhale pang'ono. Chimene chimatseka mpata pakati pa koni ndi khoma ndi sealer, ndipo lamulo lakale ndi lakuti koni ichuluke, sealer ichepe.

Sealer imene ndinapeza, mwa maonekedwe ake, inali ya zinc oxide ndi eugenol, mtundu umene Rickert anaufotokoza mu 1931 ndipo Grossman anaukonzanso pambuyo pake. Ndi yotsika mtengo, yosavuta kusakaniza, ndipo mizu yosawerengeka yachira nayo. Vuto lake ndi lakuti imasungunuka pang'onopang'ono ikamakhudzana ndi madzi a m'thupi. M'ngalande yopapatiza yodzaza bwino ndi makoni, sealer yokhudza madzi ndi yochepetsetsa ndipo vutoli silioneka. M'dzino ili zinatembenuka: sealer ndiyo inadzaza malo ambiri, kunsonga kuli khomo lotseguka lolowera madzi, kumtunda composite ikudontha malovu. Sindikuloza chala amene anagwira ntchitoyo. Ndi zipangizo zimene anali nazo, anasunga dzino lakutsogolo la mtsikana kwa zaka pafupifupi 10, pamalo pamene ambiri akanangolizula.

Makina oyezera kutalika kwa muzu sadalirika pa nsonga yotseguka chonchi, choncho ndinatsimikiza ndi X-ray komanso ndi paper point (kandodo ka pepala koumitsira ngalande), kuona pamene ikuyambira kunyowa. Kutalika kunali mamilimita 19. Fayilo ya saizi 100 inkafika kunsonga osagwira, kutanthauza khomo loposa milimita imodzi. Makoma sindinawapale kwenikweni, chifukwa dentine (gawo lolimba la m'kati mwa dzino) yotsalayo ndiyo chuma chonse cha dzinoli. Ntchito yaikulu inagwiridwa ndi madzi otsukira: sodium hypochlorite ya 1.5 peresenti yochuluka, kudzera m'singano yotulutsira m'mbali yoima mamilimita 3 nsonga isanafike, ndikukankha pang'onopang'ono, kenako kuitakasa ndi makina onjenjemeretsa a ultrasonic. Pa muzu wotseguka hypochlorite imadutsa mosavuta kupita m'fupa, ndipo aliyense amene anaonapo nkhope ya wodwala itatupa chifukwa cha ngozi imeneyi safuna kuionanso. Ndinatsiriza ndi madzi ena otsukira, EDTA ya 17 peresenti. Madzi achikasu ankabwerabe kuchokera kunsonga. Ndinadzaza phala lopha tizilombo la calcium hydroxide, n'kutseka mongoyembekezera ndi zomata za Cavit ndi glass ionomer pamwamba. Makapisozi sindinalembe.

Kusankha chotsekera

Gutta-percha imafuna potsamira. Muzu wokhwima umapanikizika kunsonga, ndipo kaya tikukanikiza makoni m'mbali kaya tikuitenthetsa mwa njira imene Schilder anafotokoza mu 1967, kupanikizikako ndiko kumaigwira. Apa kukanikiza kulikonse kukanaitulutsira m'fupa, ndipo chitsulo chokanikizira m'mbali chikanatha kung'amba makoma.

AH Plus, sealer ya epoxy resin imene inalowa m'malo mwa AH 26, ndimaikonda ndipo ndi imene ndimagwiritsa ntchito masiku ambiri. Sisungunuka msanga ndipo imagwira dentine bwino. Koma imafuna ngalande youma, ndipo nsonga ya muzu uwu sikanauma kotheratu.

Njira yakale ya mizu yotere ndi kuika calcium hydroxide, kuisintha miyezi ingapo iliyonse, mpaka thupi litamanga lokha khoma lolimba kunsonga. Frank anaifalitsa mu 1966 ndipo imagwira ntchito, koma imatenga miyezi 6 mpaka 18, nthawi zina kuposerapo. Pali zifukwa ziwiri zimene ndinaikanira. Choyamba, Andreasen ndi anzake anaonetsa mu 2002, pa mano osakhwima a nkhosa, kuti calcium hydroxide ikakhala m'muzu pafupifupi chaka, mphamvu ya muzu yopirira kuthyoka imatsika ndi theka. Chachiwiri ndi moyo wa wodwalayo. Mu Disembala amakwera basi kupita kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Tete, ndipo tsiku lobwerera silikhala m'manja mwawo. Ntchito za m'nyumba zimatha mosayembekezereka, munthu n'kusamukira ku Pretoria kapena ku Durban. Dzino lotsekedwa mongoyembekezera likadontha mwini ali ku Dedza, ntchito yonse yabwerera pachiyambi. Ife amene timathandiza abale athu kuno ku Joni tiyenera kuwerengera zimenezi posankha mankhwala, mofanana ndi mmene timawerengera kutalika kwa muzu.

Zinatsala za m'banja la calcium silicate, zimene zimalimba ndi chinyontho m'malo moonongeka nacho. Yoyamba ndi MTA (mineral trioxide aggregate), imene Mahmoud Torabinejad ndi anzake ku Loma Linda University anaifotokoza mu 1993, n'kuvomerezedwa ndi FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, mu 1998. Maziko ake ndi simenti ya Portland yoyeretsedwa, yosakanizidwa ndi bismuth oxide kuti izioneka pa X-ray. Ikasakanizidwa ndi madzi imatulutsa calcium hydroxide, pH yake (muyeso wa asidi ndi alkali) n'kukwera kufika cha ku 12.5, ndipo pamwamba pake pamamera timiyala ta apatite, tofanana ndi ta m'fupa, pamene cementum (chikuto cha muzu) imatha kukulirapo. Zovuta zake n'zodziwika. Imachedwa kulimba, pafupifupi maola atatu. Ndi yodula. Ndipo bismuth oxide imadetsa dzino, makamaka ikakumana ndi hypochlorite kapena magazi, chinthu chosafunika pa dzino lakutsogolo lakuda kale.

Biodentine ya Septodont inabwera kudzathetsa zina mwa izi. Imasakanizidwa m'kapisozi pamakina kwa masekondi 30, imalimba pa mphindi 12, ndipo m'malo mwa bismuth ili ndi zirconium oxide, choncho sidetsa kwambiri. Anzanga ambiri akanasankha imeneyi pa dzino ili ndipo sindikanawatsutsa. Chimene chinandibweza n'chakuti pa X-ray imaoneka pafupifupi chimodzimodzi ndi dentine. Pa khomo lalikulu chotere ndinkafuna kuona ndi maso kuti chitsekero chafika pati, chatalika bwanji, ndiponso ngati muli mpata m'kati mwake. Mphindi zochepa zogwirira ntchito sizisiyanso nthawi yojambula n'kukonza. MTA imaoneka yoyera mbee pachithunzi ndipo imadikira. Za kudetsa ndinaona kuti zingapewedwe, popeza chitsekero chikakhala kutali ndi gawo looneka la dzino, bola makoma apukutidwe.

Panalinso ganizo la masiku ano loika koni imodzi yaikulu ndi sealer ya bioceramic, ya m'banja lomweli la calcium silicate, monga TotalFill BC Sealer kapena BioRoot RCS. M'ngalande zokhwima ndimaigwiritsa ntchito nthawi zina. Koma sealer ndi phala lamadzimadzi, ndipo pa khomo loposa milimita ikanangotsikira m'fupa, n'kutibwezera ku vuto loyamba lija la phala lambiri ndi koni yoyandama. Ndinenenso kuti ogulitsa akamabwera ndi chinthu chatsopano chimene akuti chathetsa kudontha konse, ndimakumbukira Resilon. Inabwera mu 2004 ndi lonjezo lakuti idzamatirira ku muzu n'kukhala chinthu chimodzi ndi dentine, koma lero simuipeza pamsika, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri anaonetsa kuti mizu yake inkalephera kuposa ya gutta-percha.

Ulendo wachiwiri: chitsekero

Patapita milungu iwiri kachithupsa kanali katatsekeka, fungo litatha. Ndinachotsa calcium hydroxide ndi hypochlorite ndi ultrasonic, kenako EDTA, n'kutsiriza ndi saline wambiri kuti hypochlorite isatsale yodzakumana ndi bismuth. Paper point yaikulu inkatuluka youma kupatula kansonga kake, ndipo panalibe mafinya kapena magazi. Chinyontho chotere MTA imachilandira. Mafinya enieni akanakhalapo ndikanabwereza calcium hydroxide, chifukwa malo a asidi amasokoneza kalimbidwe kake.

Ndinakankhira kachidutswa ka siponji ya collagen kuseri kwa nsonga kuti pakhale potsamira. MTA yoyera yosakanizidwa bwino imakhala ngati mchenga wonyowa wa kudambo: ukaitola imagwirana, ukaikhudza molakwika imamwazika. Madzi akachuluka imathawa pachitsulo, akachepa imayoyokera m'makoma isanafike kumene ikupita. Ndinainyamula ndi kachubu konyamulira, n'kuisiya pafupi ndi nsonga, kenako kuitsendera ndi plugger (chitsulo chotsendera) imene ndinaikiratu chizindikiro pa mamilimita 18. Kutsendera kwake n'kogogoda mopepuka, dzanja litatsamira pa dzino loyandikana. Nditaika kagawo koyamba ndinajambula. Mbali imodzi inali isanafike, ndipo nditakhudzitsa ultrasonic pa plugger kwa masekondi ochepa, inakhazikika. Ndinaonjeza tizigawo tina mpaka chitsekero chitakwana mamilimita 4. Chocheperapo chimadontha mosavuta, ndipo chotalikirapo chikanadya malo amene ndinkawafunira zina m'muzu waufupi chonchi.

Kenako ndinapukuta makoma onse a kumtunda ndi paper point yonyowa, mobwerezabwereza, kufikira itatuluka yopanda fumbi. Ntchito yotopetsayi ndi imene imateteza mtundu wa dzino. Ndinasiya paper point yonyowa pamwamba pa MTA n'kutsekanso mongoyembekezera.

Ulendo wachitatu ndi kumaliza

Loweruka lotsatira ndinagogoda chitsekero ndi chitsulo ndipo chinali gwa. Tsopano ngalande inali ndi pansi, youma, ndipo zimene zinali zosayenera poyamba zinakhala zoyenera. Ndinapaka AH Plus mopyapyala m'makoma n'kuthira gutta-percha yotentha mamilimita 3 okha. Sealer ya eugenol ndinaipewa dala, chifukwa eugenol imalepheretsa composite kulimba ndi kumamatira bwino, ndipo ndinkafuna composite ilowe m'khosi la dzino. Pamenepo m'pamene mano otere amathyokera. Cvek anapeza mu 1992 kuti pa mano osakhwima othandizidwa ndi calcium hydroxide ndi gutta-percha, kuthyoka pakhosi kunkachitika pa 28 peresenti ya amene mizu inali itakulako, mpaka 77 peresenti ya amene inali yaing'ono kwambiri.

Pamwamba pa gutta-percha ndinaika glass ionomer ya mamilimita 2, kenako sodium perborate yosakaniza ndi madzi yoyeretsera dzino kuchokera m'kati. Hydrogen peroxide yamphamvu ndi kutenthetsa sindinazifune, popeza zimagwirizana ndi kudyeka kwa muzu pakhosi, makamaka pa mano amene anagundidwapo. Titasintha mankhwalawa kawiri, mtundu unayandikira wa 11. Ndinadikira milungu iwiri kuti mpweya wa oxygen wotsalira uchoke, chifukwa umafooketsa kumamatira, n'kudzaza composite kuyambira pa glass ionomer mpaka kunja, ndi kukonza pobenthuka paja. Ntchito inatha mu Okutobala 2023. Chomata chakunjachi sindichiona ngati chongokongoletsa. Ray ndi Trope, atayang'ana zithunzi za mano 1,010 mu 1995, anaonetsa kuti ubwino wa chomata cha pamwamba umakhudza kwambiri kuchira kwa fupa kunsonga, ndipo dzino ili lomwe linkadontha mbali zonse ziwiri.

Zotsatira

Mayiwa anapita kumudzi mu Disembala n'kubwerera mu Febuluwale. Tinaonana mu Epulo 2024. Panalibe chithupsa, kupweteka kapena kugwedera, ndipo malo akuda aja anali atachepa kufika mamilimita pafupifupi 4, m'mphepete mwake mukuoneka fupa latsopano. Mu Okutobala 2024 panatsala kamzere ka mamilimita osakwana 2 kuzungulira nsonga. Ndimalemba kuti dzino likuchira, sindinalembe kuti lachira. Malangizo a European Society of Endodontology amati chilonda chimene chachepa koma sichinathe chitsatiridwe mpaka zaka 4.

Mtundu wabwerera pang'ono. Pakhosi pali kutuwa kumene ine ndimakuona ndi nyali ya pampando, ngakhale mwiniwake akuti sakukuona. Kutuwa kotere kumabwera ndi dentine yakale yodetsedwa ndi magazi ndi sealer ya eugenol, komanso kungabwere ndi fumbi la bismuth, ndipo ndajambula zithunzi kuti tidzayerekeze. Kukakula, veneer (chophimba chopyapyala kutsogolo kwa dzino) ya composite ndi yokwanira. Crown (chisoti chovindikira dzino lonse) sindikuifuna pa dzino ili chifukwa kusema kungadye khosi limene tikuliteteza.

Kwa anzanga a ku Malawi, madokotala ndi ma dental therapist, amene MTA siipezeka m'kabati mwawo: calcium hydroxide ya miyezi ikadali njira yovomerezeka pa mwana amene amakhala pafupi ndipo makolo ake adzabwera naye, bola chotseka chapamwamba chikhale cholimba ngati glass ionomer ndipo mankhwalawo asakhalitse kuposa mmene akufunikira. Chimene sindingalimbikitse ndi koni imodzi m'phala lambiri la eugenol pa nsonga yotseguka, kapena phala lililonse lokhala ndi paraformaldehyde monga N2, limene likadutsa khomo lotere limawotcha fupa ndi mitsempha.

Ndinawakumbutsa mayiwa kuti nzimbe azisenda ndi mpeni n'kutafunira kumano achibwano, chimanga chootcha azikonola ndi zala, ndipo botolo kapena paketi asatsegule ndi mano. Anaseka n'kunena kuti za nzimbezo n'zovuta, koma ayesetsa. X-ray yotsatira tinaikonzera mu Okutobala 2025, ndipo ndawapatsa zithunzi zonse pafoni kuti akasamuka, dokotala wina adzakhale ndi poyerekezera.